Kuchokera ku Chileka Kufika ku London: Mbiri ya Mtunda ndi Nthawi

Ana a sukulu a ku Ndunde, monganso anzawo a m'midzi ina ya m'boma la Chiradzulu, akamva kulira kwa ndege amatukula maso onse pamodzi, ndipo sipapita nthawi wina asanafunse mphunzitsi wake kuti, "Kodi ku London n'kutali bwanji?" M'funso limeneli muli mafunso awiri, ndipo mphunzitsi amene sawalekanitsa amasokoneza ana ake. Loyamba ndi la mtunda: pali mailosi angati? Lachiwiri ndi la nthawi: munthu amatha masiku kapena maola angati panjira? Yankho la funso loyamba silinasinthe chiyambire, ndipo lili m'manja mwa masamu. Yankho la funso lachiwiri lasintha kambirimbiri m'zaka 150 zapitazi, ndipo lili m'manja mwa mbiri, pakuti limatsata makina a nthawiyo, maboma olamulira maiko a panjira, ndiponso mtundu wa munthu amene ali kuyendayo.

Tiyambe ndi mtunda, popeza ndiwo wosavuta. Bwalo la ndege la ku Chileka lili pafupi ndi madigiri 16 kummwera kwa Equator ndi madigiri 35 kummawa kwa mzere wa Greenwich, pamene London ali pa madigiri 51 ndi theka kumpoto, pa mzere wa Greenwich womwewo. Tengani mpira wosonyeza dziko lapansi, ngati sukulu yanu ili nawo, ndi kachingwe ka thonje. Gwirani nsonga imodzi pa Blantyre, ina pa London, ndi kukoka kachingweko kuti kawongoke. Mukatero kachotseni, kagonekeni pa mzere wa Equator, ndipo werengani madigiri amene kaphimba. Mudzapeza 74, kapena pafupi pamenepo. Digiri imodzi pa Equator ndi mailosi 69. Tsono 74 kuchulukitsa ndi 69 kutipatsa 5,106. Tingauze ana mosaopa kuti kuchokera ku Chileka kufika ku London pali mailosi pafupifupi 5,100, ndiwo makilomita 8,200, gawo limodzi mwa magawo asanu a ulendo wozungulira dziko lonse. Kachingweko kadzaonetsanso kumene njira yolunjika idutsa: kumpoto chakummawa kwa Zambia, kummawa kwa Congo, chipululu cha Sahara ku Chad ndi ku Libya, nyanja ya Mediterranean, ndi France.

Musayese kupima mtunda umenewu ndi lula pa mapu a pakhoma. Dziko ndi lobulungira, ndipo polijambula pa pepala lathyathyathya ojambula amatambasula maiko a kumpoto kuposa msinkhu wake weniweni. Lula idzakunamizani, koma kachingwe ayi.

Ana akamva 5,100 samva kanthu, chifukwa nambala yotere ilibe nkhope. Afunseni tsono kuti munthu wamphamvu, woyenda mailosi 20 tsiku lililonse osapuma ngakhale Lamulungu, angathe masiku angati. Adzapeza 255. Pamenepo m'pamene maso awo adzatseguka, ndipo mungayambe kuwauza za anthu amene anayendadi ulendowu.

Gulu la amishoni a Livingstonia, lotsogozedwa ndi E. D. Young, mmene munalinso Dr Robert Laws, linanyamuka ku London pa 21 Meyi 1875. Anazungulira ku Cape pa sitima ya panyanja, nafika mu Julayi pa Kongone, umodzi wa milomo ya mtsinje wa Zambezi. Pamenepo analumikiza zitsulo za kasitima kawo kotchedwa Ilala, nakwera Zambezi ndi Shire kufikira pa mathithi pamene ngalawa sizitha kupitirira. Anakaphwasulanso kasitimako, ndipo amuna mazanamazana a m'midzi ya mafumu a Chikololo anasenza zitsulozo pamutu, m'njira za miyala ndi dzuwa la m'chigwa, kufikira kumtunda kwa mathithi. Ilala inalowa m'Nyanja ya Malawi pa 12 Okutobala. Mukawerenga masiku mudzapeza 144. Maina a Young ndi Laws ali m'mabuku onse a sukulu, koma ana ayenera kudziwa kuti liwiro la ulendo wa Mzungu m'masiku amenewo linali kupimidwa ndi miyendo ndi makosi a amtengatenga.

Munthu wa kwathu kuno anayenda njira yomweyo chobwerera. Mu 1897 John Chilembwe anatsika Shire ndi Zambezi pamodzi ndi Joseph Booth, nakwera sitima ya panyanja ku Chinde, naoloka kunka ku America kumene anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Anabwerera mu 1900 nayamba mishoni ya Providence ku Mbombwe, m'boma lathu lomwe lino. Kwa iye ndi kwa onse a m'badwo wake, ulendo wa kutsidya kwa nyanja unali kuwerengedwa ndi masabata ndi miyezi. Njanji inafupikitsako pang'ono: mu 1908 inalumikiza Blantyre ndi Port Herald, amene lero ndi Nsanje, ndipo mu 1935 mlatho waukulu wa pa Zambezi ku Sena unatha, kotero kuti munthu anakhoza kukwera sitima ya pamtunda pa Limbe ndi kukatsikira ku Beira. Koma kuchokera ku Beira kunali kudikirabe masabata pa madzi.

Ndege inalowa m'nkhaniyi mu 1932, pamene kampani ya Imperial Airways inatsegula njira yochokera ku London kufika ku Cape Town. Ulendo wonse unali wa masiku 11. Ana adzadabwa kuti ndege ingachedwe chotero bwanji, ndipo m'pofunika kuti mphunzitsi adziwe zifukwa zake. Ndege za nthawi imeneyo zinali kuthamanga mailosi pafupifupi 100 pa ola, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a liwiro la ndege za lero. Matanki ake a mafuta anali aang'ono, chotero zinali kutera kawirikawiri kuti zimwe. Usiku sizinali kuyenda, pakuti mabwalo ambiri analibe nyali, ndipo woyendetsa anali kudalira maso ake kuti atsate mtsinje wa Nile, nyanja, kapena njanji. Dzuwa likapendeka apaulendo anali kutsika, kudya, ndi kugona m'nyumba ya alendo. Ndiponso chigawo china cha ulendowo, kuchokera ku Paris kufika ku Brindisi m'dziko la Italy, chinali cha pa sitima ya pamtunda.

Njira imeneyi inalambalala Nyasaland. Itachoka ku Nairobi inadzera ku Mbeya, ku Mpika, ku Broken Hill amene lero ndi Kabwe, ndi ku Salisbury amene lero ndi Harare. Makalata ndi anthu a dziko lino anayenera kukakumana nayo kumeneko, ndipo ntchito imeneyi inagwiridwa ndi tindege tating'ono: poyamba ta C. J. Christowitz wa ku Blantyre, kenaka ta kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways imene inakhazikitsidwa mu 1933. M'zaka zomwezo bwalo la ku Chileka, m'chidikha cha kuseri kwa phiri la Michiru, linayamba kulandira ndege. Taonani tsono chodabwitsa: munthu wofuna kunka ku London, kumene kuli kumpoto, anali kuyamba wauluka mailosi 300 kummwera chakumadzulo. Mu 1937 Imperial Airways inasamutsira njira yake kugombe la nyanja ya mchere ndi ndege zotera pamadzi, zochokera ku Southampton kufika ku Durban m'masiku osakwana sabata, ndipo a Nyasaland anali kukakwerera ku Beira.

Kanthawi kamodzi kokha ndege yochokera ku England inali kutera pa madzi a dziko lathu. Kampani ya BOAC, imene inalowa m'malo mwa Imperial Airways, inali ndi ndege zotera pamadzi zotchedwa Solent, zoyenda kuchokera ku Southampton kudzera ku Sicily, Egypt, Khartoum, Port Bell pa nyanja ya Victoria, ndi Victoria Falls, kukathera pa damu la Vaal pafupi ndi Johannesburg. Ulendo wonse unali wa masiku anayi ndi theka. Mu Novembala 1949 zina mwa ndege zimenezi zinayamba kutera pa Cape Maclear, pamalo pomwe paja amishoni a Ilala anamanga misasa yawo yoyamba zaka 74 m'mbuyomo. Ulendo umene unatha masiku 144 unali tsono wa masiku owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Koma mwambowu unatha chaka chimodzi chokha. Mu Novembala 1950 BOAC inaleka ndege zotera pamadzi, pakuti nkhondo yachiwiri inasiya mabwalo aakulu a pamtunda m'maiko ambiri, ndipo ndege za magudumu zinali zofulumira ndi zotsika mtengo. Hotela imene inamangidwa pa Cape Maclear inatsekedwa posachedwa.

Ine ndiganiza kuti mphunzitsi wa kuno kummwera sayenera kunena za Cape Maclear popanda kukumbutsa ana kuti miyezi yomweyo inali ya njala ya 1949, imene inapweteka kwambiri anthu a ku Blantyre ndi maboma oyandikana nawo kufikira kumayambiriro a 1950. Pamene mlendo anali kuoloka Africa yense m'masiku atatu kapena anayi, amayi ndi abambo a m'midzi yathu anali kuyenda pansi masiku ambiri kukasuma chimanga. Anthu awiri okhala m'dziko limodzi ndi m'chaka chimodzi anali ndi miyeso iwiri ya kutalika.

Kuyambira pamenepo masiku anasanduka maola. Pa 2 Meyi 1952 ndege ya jeti yotchedwa Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36, nidzera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, nifika ku Johannesburg maola 24 asanakwane. Inali ndege yoyamba ya jeti kunyamula anthu olipira. Liwirolo linali ndi mtengo wake: mu 1954 ma Comet awiri anasweka m'mwamba pa nyanja ya Mediterranean, imodzi ili pa ulendo womwewu wa ku Johannesburg, ndipo ofufuza anapeza kuti chitsulo cha thupi la ndege chinali kutopa ndi kung'aluka chifukwa cha kufufuma ndi kuphwa kwa mpweya wa m'kati pa ulendo uliwonse. Amene analibe ndalama za ndege zofulumira anali ndi njira ina. Central African Airways, kampani ya maiko atatu a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri imene inayamba mu 1946, inatsegula mu 1953 ulendo wotsika mtengo wotchedwa Zambezi, wa ndege za Viking, zimene zinali kutha masiku anayi kuchokera ku Salisbury kufika ku London, zikugona panjira. Chotero m'chaka chimodzi chomwecho yankho la funso la nthawi linali tsiku limodzi kwa wolemera, ndi masiku anayi kwa wochepekedwa.

Dzina la Chileka linalowa m'mbiri ya ndale pa 6 Julayi 1958, pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pamenepo atakhala kunja zaka zoposa 40. Anachoka ali mnyamata woyenda pansi kunka ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg. Anabwerera pa ndege. Koma ndege inatumikiranso Boma la nthawiyo. Mu Febuluwale 1959 asilikali ochokera ku Southern Rhodesia anatsikira pa Chileka, ndipo pa 3 Malichi Dr Banda anagwidwa, natengedwa pa bwalo lomwelo kunka ku ndende ya ku Gwelo, amene lero ndi Gweru. Anamasulidwa pa 1 Epulo 1960.

Komabe tikafunsa kuti ndani mwa anthu wamba a ku Chiradzulu anayamba kukwera ndege, yankho si ophunzira kapena atsogoleri. Ndi amuna a ku migodi. Kale wofuna ntchito ku Joni anali kuyenda pansi masabata ambiri kudzera ku Tete, m'njira za zilombo, njala ndi achifwamba, ndipo ambiri sanabwerere, nasanduka matchona. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 bungwe la Wenela, lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide, linali ndi ndege zakezake. Zinali kutenga amuna pa Chileka kukawatula ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, lero Botswana, mtunda wa mailosi oposa 600, ndiwo maola atatu kapena anayi m'mwamba, ndipo kuchokera kumeneko anali kupitirira pa sitima. Agogo ambiri a m'midzi yathu, amene sanaonepo nyanja ya mchere, anaona mitambo ili kunsi kwawo. Eni migodi sanachite zimenezi chifukwa cha chifundo. Masabata amene munthu anali kutaya panjira anali masabata otayika kwa mgodi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4, yonyamula amuna obwerera kwawo ku Malawi, inagwa itangonyamuka pa Francistown, chifukwa m'matanki ake munalowa mafuta osayenera injini zake. Anthu oposa 70 anafa, pafupifupi onse Amalawi. Dr Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Kulembako kunayambanso mu 1977, koma sikunafikenso pa chiwerengero chakale.

M'chaka chomwecho cha 1974 Chileka ndi London anali oyandikana kwambiri. Air Malawi, imene inabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways ndi kuima payokha mu 1967, inagula ndege yaikulu ya VC10 kwa British Caledonian, ndipo mu Disembala inayamba kuuluka kuchokera ku Chileka kunka ku bwalo la Gatwick kudzera ku Nairobi. Kufika ku Nairobi ndi mailosi pafupifupi 1,000, ndipo kuchokera kumeneko kufika ku London ndi 4,250. Pamodzi 5,250, kungopitirira pang'ono muyeso wa kachingwe kathu kaja. Maola a m'mwamba anali ngati 11, kuwonjezapo nthawi yoima pa Nairobi. Pano pali phunziro la sayansi loyenera ana a makalasi apamwamba. Ndege yonka kutali imasenza mafuta olemera kwambiri, ndipo kuti inyamuke ndi katundu wotere isowa msewu wautali wothamangirapo. Pamalo okwera ndi otentha mpweya umakhala wopepuka, mapiko sagwira bwino, injini nazo zimachepa mphamvu, ndipo msewu wofunikawo umatalikirapo. Chileka ali pa mafiti oposa 2,500 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndi kotentha, msewu wake si wautali, ndipo mapiri ali pafupi. Ulendo wa VC10 unatha mu 1979, pakuti ndege imodzi yokha yakumwa mafuta ambiri, m'zaka zimene mafuta anakwera mtengo, inali katundu wolemera kwa kampani yaing'ono. Mu 1983 bwalo la Kamuzu linatsegulidwa ku Lilongwe, lokhala ndi msewu wokwanira ndege zikuluzikulu, ndipo British Airways ndi KLM zinali kutera kumeneko kwa zaka zingapo. Kwa munthu wa ku Ndunde zimenezi zinatanthauza kuti London watalikiranso, popeza anayenera kuyamba wafika ku Lilongwe.

Ndale nazo zimapinda njira ya m'mwamba monga mtsinje wodzala upinda njira ya pansi. Mu 1963 maiko ambiri a mu Africa amene analandira ufulu anakaniza ndege za South African Airways kudutsa m'mwamba mwawo chifukwa cha tsankho la apartheid. Ndege zimenezo zinayamba kuzungulira kumadzulo, pamwamba pa nyanja ya Atlantic, ndi kukamwa mafuta pa zisumbu monga Sal ku Cape Verde. Johannesburg ndi London sanasunthe, koma ulendo unatalika ndi maola. Malawi, amene anasunga ubale ndi South Africa, anapitiriza kulandira ndege za kumeneko pa Chileka.

Lero palibe ndege yochoka ku Chileka kulunjika ku London. Air Malawi inatha mu 2013, ndipo kampani imene inalowa m'malo mwake, ya Boma la Malawi pamodzi ndi Ethiopian Airlines, imauluka m'kati mwa Africa mokha. Wapaulendo amasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Wodzera ku Addis Ababa amauluka mailosi pafupifupi 5,400, maola ngati 12 m'mwamba. Wodzera ku Johannesburg amachita monga anachitira a m'zaka za m'ma 1930: amayamba walowera kummwera mailosi oposa 800, kutalikirana ndi kumene ali kunka, ndipo kuchokera kumeneko amauluka mailosi 5,600 m'maola 11. Pa maola a m'mwambawo onjezanipo maola odikira pa bwalo losinthira, amene nthawi zina amaposa a ulendo weniweniwo. Onjezaniponso ulendo wochokera ku Ndunde kudzera ku Limbe ndi Blantyre kufika ku Chileka, umene m'dzinja umadalira matope ndi kudzala kwa minibasi. Ndipo musaiwale chiphaso ndi chilolezo cholowera ku Britain, zimene munthu amadikira masabata asanaone ngakhale khomo la ndege. Ana awerengetse okha: 5,100 kugawa ndi 500 kutipatsa maola 10 ndi mphindi zochepa. Kenaka afunseni kuti maola ena onsewo achokera kuti.

Chatsala chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale akuluakulu powerenga ndandanda ya maulendo a ndege, ndicho wotchi. Dziko limazungulira madigiri 360 m'maola 24, ndiko kuti madigiri 15 pa ola, kapena digiri imodzi pa mphindi 4. Popeza Chileka ali pa madigiri 35 kummawa, dzuwa limafika paliwombo kumeneko mphindi 140, ndiwo maola awiri ndi mphindi 20, lisanafike paliwombo ku London. Koma mawotchi a Malawi anatcheredwa pa mzere wa madigiri 30, chotero amatsogola ndi maola awiri okha pa nthawi ya Greenwich. Anthu a ku Britain amakankha mawotchi awo ola limodzi kutsogolo kuyambira kumapeto a Malichi kufikira kumapeto a Okutobala, ndipo m'miyezi imeneyo kusiyana kumatsala ola limodzi. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za wotchi ya pamalo pamene ndege inyamuka ndi pamene itera. Munthu akanyamuka pa Chileka 3 koloko masana mu Januwale, nakatera ku London 7 koloko mmawa mwake, wotchi ionetsa ngati wayenda maola 16, koma wayenda 18. Pobwerera, wotchi idzamuwonjezera maola awiri amene sanayende.